Mbiri ya Ulongwe siili pa Ulongwe pokha

Mlendo akatsika shapa (minibasi) pa Ulongwe n'kufunsa kumene angaone zakale za tauni ino, ambiri timamulozera nyumba za boma zomangidwa nthawi ya Apwitikizi, kenako tchalitchi, basi nkhani yatha. Sitinama, koma timakhala tamupatsa nthambi tsinde lili potero. Ulongwe uno wa ku Angónia ku Mozambiki, osati uja wa ku Balaka ku Malawi, ndi tauni yobadwa mochedwa. Anaubala ndi malo ena: phiri la Domwe, mishoni ya Lifidzi, mishoni ya Mphatso, ndi mzere wa malire umene anagwirizana anthu a ku Ulaya ali kwawo. Kuwonjezera apo, zolembedwa za dera lino zinaduka kanayi, mu 1910, mu 1922, mu 1975 ndi mu 1986, ndipo nthawi iliyonse china chinkasamuka, china chinkatayika. Amene sadziwa pamene panaduka amafunafuna dzina la agogo ake pa ofesi yolakwika mpaka kugwa ulesi.

Tiyambire ku Domwe, phiri lopitirira mamita 2,000 limene pa mapu a boma mumaliona litalembedwa Dómuè. Angoni a Maseko anakhazikika m'munsi mwake cha m'ma 1870, motsogozedwa ndi Chidyaonga, atabwerako ku Songea, kumene lero ndi Tanzania. Pambuyo pake ufumu unapita kwa Chikuse, kenako kwa mwana wake Gomani. Dzina loti Angónia linachokera pamenepo. Koma Angoniwo anapeza Achewa ali kale m'midzi yawo, anakwatira ana awo, ndipo m'mibadwo yochepa Chingoni chinatsalira m'nyimbo za ngoma, m'maina a mafuko ndi m'mawu aulemu a kubwalo, chilankhulo cha pakhomo n'kukhala Chichewa. Zimenezi zili ndi ntchito kwa wofufuza. Banja lachingoni limawerenga mibadwo kudzera kwa abambo. Banja lachichewa limawerenga kudzera kwa amayi, ndipo wosunga nkhani za mbumba ndi malume. Mabanja ambiri kuno ali ndi mbali zonse ziwiri. Mukafunsa mbali imodzi yokha mumabwerako ndi theka, ndipo nthawi zambiri theka lotsalalo ndi limene lili ndi nkhani ya munda ndi manda.

Malire anadza ndi pangano la Angerezi ndi Apwitikizi la pa 11 Juni 1891. Kuno kumtunda mzere unatsata msana wogawa madzi: kumene mitsinje ikutsikira kunyanja ndi ku Shire kunapita kwa Angerezi, kumene ikutsikira ku Zambezi kunapita kwa Apwitikizi. N'chifukwa chake msewu waukulu wa ku Malawi pakati pa Dedza ndi Ntcheu umayenda m'malire enieniwo, golosale tsidya ili ili ku Malawi, tsidya linalo ku Mozambiki. Ufumu wa Maseko unang'ambika pakati. Gomani woyamba anaphedwa ndi Angerezi mu 1896. Mbali ya kuno dzina lalikulu la ufumu wa Angoni ndi Zintambira, mbali ya uko ndi Gomani, koma ndi anthu amodzi. Mu 1953 Inkosi Philip Gomani atakana chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland anathawira mbali ino, Apwitikizi n'kumubweza m'manja mwa Angerezi. Zipilala za malire zimene zidakalipo m'minda musamazigumule pofuna miyala, ndi zina mwa zomangidwa zimene zimafotokoza chifukwa chake mudzi umodzi uli ndi ndalama ziwiri, kwacha ndi metikali.

Mishoni ziwiri, tsoka losiyana

Lifidzi, mishoni ya São Francisco Xavier, anaitsegula ansembe Ajezuiti cha mu 1908, akuchokera ku Boroma kufupi ndi Tete. Sanakhalitse. Mu 1910 ufumu unagwa ku Portugal, boma latsopano linathamangitsa Ajezuiti, ndipo m'malo mwawo munalowa ansembe a chipani cha Verbo Divino, ambiri a iwo Ajeremani. Nawonso anachotsedwa Portugal italowa nkhondo yolimbana ndi Germany mu 1916. Ajezuiti anabwereranso mu 1941, pambuyo pa pangano la 1940 la pakati pa Portugal ndi Vatican. Pangano limeneli ndi lofunika kwambiri pa mbiri ya maphunziro kuno, chifukwa linaika sukulu za ana achikuda m'manja mwa mishoni za Katolika. Tanthauzo lake ndi lakuti ngati agogo anu anaphunzira chisanafike chaka cha 1975, mwachidziwikire anayambira pa sukulu ya mishoni kapena pa kanthambi kake kumudzi, ndipo ngati dzina lawo linalembedwa penapake, muyambire kufunsa kwa ansembe musanapite ku ofesi ya zamaphunziro. Fonte Boa, imene lero ili m'boma la Tsangano, inatsegulidwa mu 1945. Dayosizi ya Tete inakhazikitsidwa mu 1962.

Mphatso nkhani yake ndi yowawa mwa mtundu wina. Inayamba mu 1909 ndi mbusa A.G. Murray wa mpingo wa Dutch Reformed, mpingo womwewo umene unabala Sinodi ya Nkhoma ku Malawi. Mu 1922 boma la Apwitikizi linatseka ntchitoyo n'kuchotsa amishoni. Akhristu anatsala okha kwa zaka pafupifupi 50, akumapemphera m'midzi motsogozedwa ndi akulu a mpingo, ndipo ambiri ankawoloka malire kuti akabatizidwe ndi kukadya mgonero m'mipingo ya Nkhoma. Choncho munthu wa Igreja Reformada, dzina la mpingowu kuno lero, amene akufuna ubatizo wa agogo ake wa m'ma 1930 kapena 1950 asatope kufunsa mbali ino yokha, buku lake likhoza kukhala pa mpingo wa CCAP wa m'malire ku Ntcheu kapena ku Dedza. Lero sinodi ya mpingowu kuno imatchedwa ndi dzina lomwelo la Mphatso, ndipo sukulu yake ya ubusa, Hefsiba, ili pa Ulongwe pompano. Kwa ife, kupirira kwa akulu a mpingo aja, opanda mbusa, opanda chilolezo, ndi chimodzi mwa zinthu zikuluzikulu zimene dera lino linachitapo, ndipo n'zachisoni kuti maina awo ambiri ali m'mitu ya okalamba basi.

Tauni yeniyeniyo, Vila Coutinho monga ankaitchulira Apwitikizi, inali ya boma ndi malonda: nyumba ya administrador (bwanamkubwa wa boma), asipayi (apolisi achikuda), ndende, makantina ogula chimanga ndi nyemba n'kugulitsa nsalu, mchere ndi sopo. Kumeneko n'kumene kunkachokera msonkho, chibalo ndi palmatória, kathabwa komenyera anthu m'manja. Mpaka 1961 lamulo linkagawa anthu, ochuluka n'kumatchedwa indígena, ndipo iwowa ankadziwika kuboma kudzera m'kaundula wa msonkho ndi kabuku ka m'thumba kotchedwa caderneta, osati m'buku la obadwa ngati azungu ndi ochepa otchedwa assimilado. Ndiye mukapita ku Conservatória, ofesi ya kaundula, kukafuna assento de nascimento (kalata ya kubadwa) ya munthu wobadwa mu 1940 n'kuuzidwa kuti palibe, si kuti ogwira ntchito akukubisirani. Mwina sinalembedwe n'komwe, kapena inalembedwa iye atakula kale, ndi chaka chongoyerekeza poona nkhope.

Pali kachigawo kena kamene timakaiwala. Tisanathawire ku Malawi ife pa nkhondo ya boma ndi gulu la Renamo, a ku Malawi anayamba athawira kuno. Kuyambira 1972 a Mboni za Yehova masauzande ambiri, pothawa chizunzo cha kwawo, anakhala pa msasa wa Mlangeni m'dera lino, mpaka pamene anabwezedwa mu 1975.

Ufulu unabwera pa 25 Juni 1975, dzina la Vila Coutinho linachoka, ndipo pa 24 Julayi chaka chomwecho boma linatenga sukulu ndi zipatala zonse, za mishoni zomwe. Apa ndi pamene mabuku anagawikana: a ubatizo ndi ukwati anatsala ndi mpingo, a sukulu ndi a chipatala anapita ndi nyumbazo. Minda ikuluikulu imene Apwitikizi anaisiya inasonkhanitsidwa kukhala CAIA, kampani ya boma ya ulimi, imene sinapirire nkhondo. Mashedi ndi mabwinja ake amene mungawapeze m'dera lino nawonso ndi mbiri, ngakhale sakongola.

Za nkhondo sitingazifotokoze m'ndime imodzi, tingotchula masiku amene amathandiza kuika zinthu m'malo mwake. Usiku wa pa 30 Okutobala 1985 anthu a mfuti anatenga ansembe awiri Ajezuiti pa Chapotera, pafupi ndi Lifidzi, n'kukawapha: Abambo João de Deus Kamtedza, mwana wa kuno ku Angónia, ndi Abambo Sílvio Moreira ochokera ku Portugal. Chapotera lero ndi malo amene akhristu amapitako kukapemphera. Mu Novembala 1986, patangopita masabata ochepa Pulezidenti Samora Machel atamwalira pa ngozi ya ndege ya pa 19 Okutobala, Renamo inalowa m'tauni ya Ulongwe. Midzi yambiri inasamukira ku Dedza ndi ku Ntcheu. Anthu oposa miliyoni imodzi a ku Mozambiki anakhala ku Malawi m'zaka zimenezo. Mtendere unasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992, ndipo ambiri anabwerera mu 1993 ndi 1994. Ndiye anthu ambiri a ku Angónia obadwa pakati pa 1986 ndi 1994 anabadwira, kubatizidwa ndi kuyamba sukulu tsidya linalo. Makadi awo a sikelo ndi a ubatizo ali m'Chingerezi ndi m'Chichewa, pamene BI yawo, chitupa cha unzika cha ku Mozambiki, ikunena kuti anabadwira kuno. Zonse ziwiri zisungeni, musataye imodzi poganiza kuti ikutsutsa inzake.

Zimene zadza pambuyo pake mukuziona nokha. Ulongwe unakhala município, tauni yokhala ndi khonsolo yake, mu 2008, ndi chisankho chake choyamba mu Novembala chaka chomwecho. Pali chipatala chachikulu cha boma, sukulu yophunzitsa aphunzitsi, wailesi ya m'dera yolankhula chilankhulo chathu, ndi nthambi ya zaulimi ya yunivesite ya UniZambeze. Ajezuiti anatsegula sekondale ya Inácio de Loyola ku Msaladzi. Msewu wa N304 umatilumikiza ndi N7 pa Mussacama kupita ku Tete, ndipo mbali inayo umathera pa chipata cha Calómuè moyang'anizana ndi Dedza. Msika ndiwo mtima wa zonse, mbatatesi, nyemba, soya, kabichi ndi chimanga zoyezedwa pa ndowa, koma ndi malo amene sitilemba mbiri yake n'komwe. Funsani amayi amene akhala pa benchi imodzi zaka 30 kuti msika unali pati poyamba, unasuntha liti, anausuntha ndani. Zimenezo simudzazipeza mu ofesi iliyonse.

Kufufuza dzina m'mabuku akale

Cholepheretsa choyamba ndi kalembedwe. Mlembi wa Chipwitikizi ankalemba zimene khutu lake lamva ndi zilembo za kwawo. Pamene ife timalemba k iye ankaika c kapena qu, pa w ankaika u, pa ny ankaika nh, pa ch ankaika tch, ndipo h wa mu ph, th ndi kh nthawi zambiri ankangomusiya. Domwe anasanduka Dómuè, Kalomwe anasanduka Calómuè, Phiri akhoza kupezeka ali Piri. Musanapite kulikonse, lembani dzina limene mukufunalo m'njira zitatu kapena zinayi. Cholepheretsa chachiwiri ndi chakuti munthu mmodzi ankakhala ndi maina angapo: la ubwana, la pachinamwali kapena kudambwe, la ubatizo, ndiponso lina limene anakalembetsa ku ntchito ku Joni kapena ku Rhodesia. Ndipo m'makalata a boma dzina loyamba la abambo limasanduka dzina lomaliza la mwana, mwakuti mfunda umasowa pakangodutsa m'badwo umodzi. N'chifukwa chake kufufuza ndi dzina lokha sikuthandiza. Mutenge zinthu zinayi: dzina la munthuyo, maina a makolo ake onse awiri, mudzi ndi mfumu yake, ndi chaka chongoyerekeza chokhala ndi mpata wa zaka zisanu uku ndi uku.

Ku parishi mupite tsiku la ntchito, osati Lamulungu Misa itangotha, ndipo mupemphe chilolezo kwa bambo mfumu, osati kungogwirizana ndi mlembi. Funsaninso kuti mudzi wanu unali pansi pa mishoni iti pa chaka chimene mukufunacho, chifukwa maparishi atsopano anadulidwa kuchokera ku akale ndipo mabuku akale anatsala kumene anayambira. Buku la ubatizo limayenda ndi tsiku la ubatizo, osati la kubadwa. Munthu wobadwa mu 1935 akhoza kukhala kuti anabatizidwa mu 1950 atamaliza kalasi, kapena madzulo a ukwati wake. Mawu oti muwadziwe ndi ochepa: filho de kapena filha de ndiye mwana wa, natural de ndiye wochokera ku, padrinho ndi madrinha ndiwo amene anamuimira pa ubatizo. Musanyalanyaze zolembedwa m'mphepete mwa tsamba. M'menemo ansembe ankawonjezera ulimbitso ndi ukwati, ndi dzina la parishi kumene zinachitikira, ndipo kamzere kamodzi kameneko kangakutsogolereni ku buku lachiwiri. Za boma la atsamunda, malipoti a administrador ndi nkhani za maufumu, malo ake aakulu ndi Arquivo Histórico de Moçambique ku Maputo.

Mukaloledwa kujambula, buku mulitsegule pa tebulo louma, pamthunzi powala bwino, foni ikhale yolunjika pamwamba pa tsamba, yopanda fulashi. Yambani ndi chikuto ndi tsamba loyamba losonyeza parishi ndi zaka, kenako tsamba lonse lathunthu ndi nambala yake, pomaliza mzere umene mukufunawo. Ambiri amajambula mzere wokha, ndipo pakatha chaka sadziwanso kuti unachokera m'buku liti. Zithunzizo zikhale malo awiri osiyana. Komanso m'tsamba limenelo muli maina a anthu ena, nthawi zina ndi nkhani zimene mabanja awo sakufuna kuti zimveke, ndiye musamangoliponya pa Facebook.

Kwa osunga mabuku ndi makalata, kaya ndi ku parishi, kusukulu, kwa amfumu kapena m'sutikesi ya kunyumba, adani ndi chinyezi, chiswe, makoswe ndi njenjete. Koma kuwononga kwambiri timachita ndife tikamafuna kukonza. Selotepu imasanduka yachikasu, guluu wake amalowa m'pepala n'kudya inki, ndipo pomatula amachoka ndi zilembo. Kumata pulasitiki ndi makina otentha n'koipa kuposa pamenepo chifukwa sikubwezeka. Tsamba long'ambika muliike pakati pa mapepala awiri oyera, lonse mu envelopu. Chotsani mapini ndi timawaya tochita dzimbiri. Bokosi likhale pa shelefu yotalika masentimita osachepera 15 kuchoka pansi, losagunda khoma lakunja, ndipo musatsekere mapepala mu jumbo, chifukwa m'miyezi ya Janyuwale ndi Febuluwale amatuluka thukuta m'menemo n'kuchita nkhungu. Buku likanyowa musaliyanike padzuwa. Liimikeni potsegula pang'ono pamalo opita mphepo, mukumaika mapepala ouma pakati n'kumawasintha.

Makoma akale ndi vuto la simenti

Apa m'pamene tikutaya zambiri, ndipo timataya ndi mtima wabwino. Komiti ya tchalitchi kapena ya sukulu isonkha ndalama, igula matumba a simenti, ipaka pulasitala khoma lonse kuyambira pansi, ipenta penti wa mafuta, ndipo pa tsiku lotsegulira aliyense akuomba m'manja. Pakatha mvula zitatu kapena zinayi pulasitala uja amayamba kumveka ngati ng'oma mukagogoda, kenako amagwa ndi nkhope ya njerwa.

Chifukwa chake ndi ichi. Nyumba zambiri zakale kuno zinamangidwa ndi njerwa zootcha pa uvuni wa nkhuni, zofewa, zomangidwa ndi dothi kapena laimu, ndipo pansi pake palibe pulasitiki wotchinga chinyezi. Khoma lotere limamwa madzi kuchokera m'nthaka nthawi ya dzinja n'kumawatulutsa pang'onopang'ono kudzera m'mizere ya pakati pa njerwa. Simenti ndi penti wa mafuta zimatseka njira imeneyo. Madzi amakwera m'kati kufunafuna potulukira, mchere wa m'nthaka umaunjikana kuseri kwa pulasitala, njerwa imafumbutuka. Ndiponso simenti ndi youma gwa pamene khoma la dothi limasuntha pang'ono ndi nyengo, ndiye chimene chimasweka ndi chofewacho, njerwa yakale ija.

Musanagule kanthu, dziwani chimene anamangira. Kandani pakati pa njerwa ndi msomali. Dothi limatuluka ngati ufa wofiirira. Laimu ndi woyererako, amakandika, ndipo mukadonthezera viniga kapena madzi a ndimu amachita thovu looneka bwino. Simenti ndi yotuwa ndipo msomali sulowa. Lamulo lake ndi loti chokonzera chikhale chofewa ngati chimene chinalipo, kapena kuposa. Pa khoma la laimu, sakanizani ndowa imodzi ya laimu ndi ndowa zitatu za mchenga wa kumtsinje wosefa, wopanda dothi. Laimu wa m'thumba muyambe mwamuviika m'mgolo usiku wonse kapena masiku angapo kuti akhale ngati phala lolimba, ndipo valani magolovesi ndi zoteteza maso chifukwa amawotcha. Kumbani mzere wowonongekawo kuya kwake kuwirikiza kawiri kutambalala kwake, tsukani fumbi, nyowetsani khoma, kenako kanikizani matopewo pang'onopang'ono. Mukatha phimbani ndi masaka onyowa kwa sabata yathunthu. Laimu akauma mofulumira amasanduka ufa, n'chifukwa chake dzuwa la Okutobala si labwino pa ntchito imeneyi, ndipo chisanu cha Juni ndi Julayi kuno kumtunda chimamuchedwetsa kugwira. Nthawi yabwino ndi mvula ikangotha, mu Epulo ndi Meyi. Pomaliza pakani laimu wamadzimadzi katatu kapena kanayi, mopyapyala, tsiku limodzi pakati. Mukapaka kamodzi mokhuthala amasenda.

Komabe khoma si poyambira. Yambani ndi denga ndi madzi a pansi. Kwerani m'denga ndi tochi ndi sikuludiraiva, bayani mitengo pamene yakhala pakhoma, chifukwa chiswe chimadya m'kati n'kusiya khungu looneka bwino. Tsatani timisewu take ta dothi mpaka pamene tikuchokera. Lata limodzi lodontha pamwamba pa khoma la dothi limagwetsa ngodya yonse m'dzinja limodzi. Denga litulukire kunja masentimita 60 kapena kuposa, nthaka yozungulira nyumba itsetserekere kunja, ndipo ngalande ichotse madzi kutali. Dothi limene launjikana m'mbali mwa khoma pa zaka zambiri za kusesa ndi kulima maluwa lichotsedwe mpaka maziko aonekere. Bulugama asakhale pafupi, mizu yake imayamwa madzi mbali imodzi n'kusendeza maziko. Mng'alu musathamangire kuutseka. Ikani zizindikiro za pensulo mbali zonse ziwiri, yezani ndi rula, lembani tsiku pakhoma pomwepo, ndipo muyezenso mwezi uliwonse mpaka dzinja lidutse. Ngati sukusintha, tsekani ndi laimu. Ngati ukukula, kapena wapitirira mamilimita 5, vuto lili pansi ndipo pakufunika injiniya.

Nyumba zambiri za m'zaka zomaliza za atsamunda zinafoleredwa ndi lusalite, malata opangidwa ndi simenti. Malata akale amenewa ali ndi asibesitosi, amene fumbi lake limawononga mapapo patapita zaka zambiri, ndipo Mozambiki inaletsa asibesitosi mu 2010. Akakhala athunthu padenga asiyeni. Pochotsa anyowetseni, masulani mabawuti m'malo moswa, musadule ndi sowo kapena kuboola, ndipo zidutswa zake zisakhale zoseweretsa ana kapena zowotcherapo chimanga.

Palinso za malamulo. Lamulo nambala 10/88 la pa 22 Disembala 1988 limateteza chuma cha chikhalidwe, ndipo mwa zina limaika pansi pa chitetezo nyumba zonse zomangidwa chisanafike chaka cha 1920. Musanagwetse kapena kusintha nyumba yakale, ngakhale ili ya mpingo wanu, funsani ku ofesi ya boma yoona za chikhalidwe, ndipo m'tauni mupitenso ku município kumene kumachokera chilolezo chomangira. Malo a sukulu, tchalitchi ndi bwalo la mpira akhale ndi DUAT yolembedwa, chikalata cha ufulu wogwiritsa ntchito malo. Lamulo la malo la 1997 limavomereza ufulu wa midzi pa malo ake ngakhale popanda pepala, koma m'mphepete mwa tauni imene ikukula, pepala ndi limene limaletsa mkangano. Manda ndi dambwe ndi za amfumu, amene boma linawazindikira kudzera mu Decreto 15/2000. Gule Wamkulu analengezedwa ndi UNESCO mu 2005 monga chuma cha Malawi, Mozambiki ndi Zambia pamodzi, koma kutchuka kumeneko sikupatsa munthu aliyense ufulu wolowa kudambwe ndi kamera. Nkhalango za kumanda ndi zina mwa malo ochepa kumene mitengo yachilengedwe yatsala, ndipo zimasonyeza pamene panali midzi yakale anthu asanasamutsidwe. Mukafuna kulemba za malo otere, yambirani kwa amfumu ndipo mulembe zokhazo zimene akulolani.

Otsala ndi okalamba, ndipo amene anaona Vila Coutinho ali akuluakulu kale akutha chaka ndi chaka. Pokacheza nawo musawafunse kuti chinali chaka chanji, adzakupatsani nambala pongofuna kukusangalatsani. Afunseni kuti zinachitika Apwitikizi asanachoke kapena atachoka, ndalama ikadali eskudo kapena metikali itabwera mu 1980, tisanathawe kapena titabwerako, chilala cha 1992 chisanagwe kapena chitadutsa, ndiponso kuti mwana wawo uti anali kumsana. Amayi muwafunse paokha, chifukwa pamaso pa amuna awo kapena amfumu ambiri amangovomereza. Muyende nawo pamalopo ngati miyendo ikuwalola, poti munthu akaima pamene panali kantina amakumbuka mwini wake, mtengo wa mchere ndi amene anamangidwa pakhonde pake. Kumayambiriro kwa zojambula mawu tchulani tsiku, mudzi, ndi dzina la wolankhula, ndipo muwafunse ngati akulola kuti ena adzamve. Nkhani imodzi muimve kwa anthu atatu osachokera banja limodzi musanailembe ngati yoona, ndipo pamene asiyana lembani zonse zitatu ndi dzina la amene wanena. Kope limodzi lipite ku banjalo, lina ku parishi, kumpingo kapena kusukulu ya pafupi, lolembedwa pa pepala, chifukwa mafoni amatayika ndipo memori kadi imafa osachenjeza.